Kafukufuku wa mbalame mu Africa wafika pati? Mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso omwe amabwerabwera kuchokera kwa ana asukulu, aphunzitsi, alimi ndi anthu ongokonda mbalame. Tayamba ndi osavuta. Pomwe yankho lagona pa funso lina, takulozerani komweko.

Kodi kufufuza za mbalame si kungoyenda m'tchire n'kumaziyang'ana basi?

Kuyang'ana ndiye poyambira, koma kumasanduka kafukufuku pokhapokha munthu akalemba zomwe waona, tsiku lake ndi malo ake, mwa njira yoti mnzake atha kudzabwereza. Mnyamata wa legeni amadziwa bwino mtengo womwe njiwa zimagona. Wofufuza amafuna kudziwa ngati njiwa za mumtengomo zili zochuluka chimodzimodzi ndi zaka khumi zapitazo, ndipo ngati zachepa, chazichepetsa n'chiyani. Ena amafufuza zisa ndi mazira, ena maulendo a mbalame zosamuka, ena matenda, ena kulira kwake, ena magazi ake pofuna kudziwa ubale wa mitundu.

Mu Africa muli mitundu ingati ya mbalame?

Yoposa 2,300, kutanthauza kuti pa mitundu isanu iliyonse ya mbalame za padziko lapansi, umodzi umapezeka kuno. Tanzania, Kenya ndi DR Congo lililonse lili ndi mitundu yoposa 1,000. Zambia ili ndi pafupifupi 750, Malawi pafupifupi 650, chiwerengero chachikulu ndithu pa dziko laling'ono chotere.

Mukatsegula mabuku awiri mudzapeza manambala osiyana, koma si kuti wina wanama. Akatswiri sagwirizana nthawi zonse kuti mtundu umodzi umalekeza pati. Chitsanzo chili pakhomo pomwepa: kambalame ka pakhosi pachikasu kotchedwa Yellow-throated Apalis, ka m'nkhalango za Mulanje, Zomba ndi Malosa. Ena amakawerenga ngati mtundu paokha wopezeka m'Malawi mokha, ena amati ndi nthambi chabe ya mtundu wina wofala kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa.

Munthu angadziwe bwanji pomwe kafukufuku wa kontinenti yonse wafika?

Njira yodziwika kwambiri ndi kuwerenga zomwe zinasindikizidwa. Wofufuza amatolera zolemba za akatswiri masauzande, n'kuzigawa: izi zinachitikira dziko liti, zikukamba za mbalame iti, wazilemba ndi wochokera kuti, ndalama anapereka ndani. Magazini ofunika pa ntchitoyi ndi odziwika. Ostrich inayamba kutuluka ku South Africa mu 1930. Scopus ya kum'mawa kwa Africa inayamba mu 1977, Malimbus ya kumadzulo mu 1979. Ku Zimbabwe kuli Honeyguide, ndipo ku Malawi magazini ya Nyala inasunga zolemba zambiri za zinyama ndi mbalame za kuno. Mu 2018 magazini ya Ostrich inatulutsa zolemba ziwiri za mtundu umenewu: china cha a Colin Beale choona mitu yomwe ofufuza akhala akuitsata, china cha a Will Cresswell choonetsa kuchepa kwa akatswiri a mbalame m'maiko ambiri a kumadzulo kwa Africa.

Njira yachiwiri ndi kuyang'ana mapu osonyeza komwe anthu anapitako kukalemba mbalame, monga tafotokozera m'munsimu pa funso la atlas. Yachitatu ndi kumvera zokambidwa pa msonkhano waukulu wa akatswiri a mbalame mu Africa, Pan-African Ornithological Congress, womwe umachitika kamodzi pa zaka zinayi kapena kuposerapo pang'ono. Woyamba unachitikira ku Livingstone mu 1957, wachisanu ku Lilongwe mu 1980, ndipo wa 2022 unali ku Victoria Falls.

Njira yowerenga zolemba ili ndi chilema chake. Imaona zokhazo zomwe zinalowa m'magazini odziwika ndi makompyuta. Lipoti la wophunzira lomwe likudyedwa ndi chiswe m'laibulale ya yunivesite, kabuku ka mlonda wa nkhalango, zolemba za m'Chifalansa ndi m'Chipwitikizi, zambiri mwa izi sizilowa m'chiwerengero. Choncho dziko lina limaoneka ngati mulibe kanthu pomwe kanthuko kalipo, kungoti kali m'kabati.

Ndiye akawerenga zonsezo, chimaoneka n'chiyani?

Chimaoneka n'chakuti mapu a kafukufuku satsata komwe kuli mbalame. Amatsata komwe kuli mayunivesite olimba, misewu, mtendere ndi ndalama. South Africa ili patsogolo kutali, Kenya ikutsatira, kenako maiko ngati Tanzania, Uganda, Nigeria ndi a kumpoto kwa chipululu cha Sahara. Nkhalango za m'chigwa cha mtsinje wa Congo, South Sudan, Central African Republic, Somalia, mbali yaikulu ya Angola ndi kumpoto kwa Mozambique, komwe kuli mbalame zambiri zosowa kwina, zolemba zake n'zochepa. Nkhondo inatseka ena mwa malo amenewa kwa zaka makumi angapo.

Chachiwiri, mbalame zomwe zafufuzidwa kwambiri ndi zazikulu, zokongola, zovutitsa alimi, kapena zomwe anthu a ku Ulaya amaziona ngati zawo chifukwa zimaswera kwawo. Timbalame tating'ono totuwa ta m'nkhalango za miyombo, ambiri mwa ito palibe amene anawerengapo kuti timakhala zaka zingati kapena kuti mazira ake amaswa pakapita masiku angati.

Chachitatu, ndipo kwa ife ichi ndiye chachikulu, kuwerenga kobwerezabwereza n'kosowa. Ku Britain ndi ku America anthu odzipereka akhala akuwerenga mbalame m'malo omwewo chaka ndi chaka kuyambira m'zaka za m'ma 1960. M'maiko ambiri a mu Africa muno muli mndandanda umodzi wa mlendo wina amene anadutsa kalekale, basi. Mndandanda umodzi umakuuzani kuti mbalame inalipo. Sungakuuzeni kuti ikutha.

N'chifukwa chiyani South Africa ili patsogolo chonchi?

Inayamba kale ndipo sinaleke. Bungwe la okonda mbalame lomwe lero ndi BirdLife South Africa ndi lomwe linayambitsa magazini ya Ostrich. Kuveka mbalame mphete zozizindikirira kunayamba mu 1948. Mu 1960 pa University of Cape Town anatsegula FitzPatrick Institute of African Ornithology, sukulu yofufuza za mbalame zokhazokha, yomwe yaphunzitsa akatswiri ambiri a m'chigawo chino. Kuonjezera apo kuli anthu masauzande omwe ali ndi galimoto, magalasi oonera patali ndi nthawi yopuma Loweruka, omwe amagwira ntchito yolemba mbalame osalipidwa.

Mbiri ya zimenezi si yoyera. Pa nthawi ya tsankho mwayi umenewu unali wa azungu pafupifupi okhaokha, ndipo mapu a mbalame a dzikolo amaonetsabe zipsera: madera ozungulira Johannesburg, Pretoria ndi Cape Town alembedwa kambirimbiri, pomwe madera akumidzi monga omwe kale ankatchedwa Transkei alembedwa mwa apo ndi apo.

Kumadzulo kwa Africa chinthu chinasintha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 pomwe anatsegula A. P. Leventis Ornithological Research Institute pafupi ndi mzinda wa Jos ku Nigeria. Sukuluyi imatenga ophunzira ochepa chaka chilichonse, koma pofika lero omaliza maphunziro ake ali m'mayunivesite ndi m'mabungwe a maiko angapo. Sukulu imodzi yokha inasintha nkhope ya chigawo chonse, zomwe zikuonetsa kukula kwa dzenje lomwe linalipo.

Nanga Malawi ndi Zambia zili pati?

Pa nkhani yodziwa mbalame zomwe zilipo ndi komwe zili, maiko awiriwa ali bwino kuposa ambiri. A Charles Belcher anatulutsa buku la mbalame za Nyasaland mu 1930. A C. W. Benson, omwe anali bwanamkubwa wa boma m'maboma angapo kuno asanasamukire ku Northern Rhodesia, anathera moyo wawo pa mbalame za maiko awiriwa, ndipo mu 1977 iwo ndi mayi a kunyumba kwawo anatulutsa buku la mbalame za Malawi. Kenako a Françoise Dowsett-Lemaire ndi a Robert Dowsett anayenda m'nkhalango za m'mapiri kuyambira ku Misuku ndi Nyika mpaka ku Mulanje, n'kutulutsa buku lokhala ndi mapu a mtundu uliwonse mu 2006. La Zambia, lomwe analemba pamodzi ndi a Dylan Aspinwall, linatuluka mu 2008.

Vuto ndi lakuti mabukuwa akukalamba pomwe dziko likusintha mothamanga. Mbalame yotchedwa Thyolo Alethe inatenga dzina ku phiri la Thyolo, koma nkhalango ya paphiripo inadulidwa pafupifupi yonse. Ku Nyanja ya Chilwa, komwe mabanja ambiri amadalira kusaka mbalame za m'madzi makamaka nsomba zikasowa, nyanja inaphwa mu 1995 ndipo inaphwanso kwambiri mu 2018. Malo otere amafuna owerenga chaka chilichonse, osati buku limodzi pa m'badwo.

Ntchito ilipo ndithu. Dr. Tiwonge Mzumara-Gawa anafufuza tizinkhwe tobiriwira ta Lilian's Lovebird ku Liwonde, tomwe timagona m'mphako za mitengo ya tsanya, ndipo anaonetsa kuopsa kwa poizoni yemwe opha nyama mozemba amathira m'zithaphwi. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi (WESM) ndi la BirdWatch Zambia ndi omwe amagwirizana ndi BirdLife International, mgwirizano wa mabungwe oteteza mbalame padziko lonse, m'maiko awiriwa. Ku Zambia maso ali pa Shoebill wa m'madambo a Bangweulu, pa mbalame za miyendo italiitali za ku Kafue Flats, ndi pa Chaplin's Barbet yemwe sapezeka dziko lina lililonse.

Mayina ambiri omwe mwatchula ndi a azungu. Kodi anthu akuda analibe gawo?

Anali nalo lalikulu, kungoti mayina awo sankafika pachikuto. Mzungu wotolera mbalame m'zaka za m'ma 1890, monga a Alexander Whyte omwe ankagwira ntchito pansi pa Harry Johnston ku Zomba, sankalowa yekha m'tchire. Panali omulondolera njira, osaka, osenda zikopa ndi omuuza dzina la mbalame iliyonse.

Mmodzi amene dzina lake linapulumuka ndi a Jali Makawa, Mlomwe wobadwira ku Mozambique amene anakulira ku Nyasaland n'kugwira ntchito ndi a Benson kwa zaka zambiri. Ankadziwika ndi khutu lakuthwa: ankazindikira mbalame ndi kulira kokha, n'kuiitana poyeserera mawu ake. Anapita nawo pa ulendo wofufuza mbalame ku zilumba za Comoros mu 1958, ndipo akatswiri ena ankachita kuwabwereka pa maulendo awo. Mu 1945 a Benson anatcha nthambi ina ya mbalame ya m'nkhalango za m'mapiri dzina loti makawa. Ulemu unalipo, komabe zolemba zinkatuluka m'dzina la bwana.

Lero mkangano wasamukira pena. Wofufuza wochokera kunja amabwera ndi ndalama ndi funso lake, anthu akuno amamupezera chilolezo, kumuyendetsa ndi kumutolera zonse, iye n'kukalemba kwawo. Magazini ena tsopano amafunsa ngati pa olembawo pali munthu wa m'dziko lomwe ntchito inachitikira. Ndi chiyambi chabwino, ngakhale kuika dzina la munthu kumapeto kwa mndandanda sikufanana ndi kumulola kusankha funso loti lifufuzidwe.

Kodi zomwe makolo athu amadziwa za mbalame zimawerengedwa ngati kafukufuku?

Zimawerengedwa zikayesedwa, ndipo nthawi zina zimapambana mayesowo mochititsa manyazi okayika. Nkhani ya nsadzu ndiyo umboni. Ofula njuchi akhala akunena kuyambira kale kuti mbalameyi imatsogolera munthu ku mphako ya njuchi kuti iyo idye phula. Akatswiri ambiri a kunja ankaiyesa nthano, mpaka mu 1989 pomwe a Hussein Isack a ku Kenya ndi a Heinz-Ulrich Reyer anaonetsa ndi manambala kuti Aborana a kumpoto kwa Kenya akatsata nsadzu amapeza uchi msanga kwambiri kuposa akamafuna okha.

Mu 2016 a Claire Spottiswoode ndi anzawo anatulutsa zomwe anapeza pogwira ntchito ndi Ayao ofula njuchi ku Niassa, kumpoto kwa Mozambique. Ayaowo amaitana nsadzu ndi mawu akuti "brrr-hm". Ofufuzawo anajambula mawuwa n'kumawaliza poyenda m'tchire, kwinaku akuyerekeza ndi mawu ena wamba. Mawu a makolowo anakweza mwayi woti nsadzu ibwere kudzatsogolera kuchoka pa 33 kufika pa 66 peresenti, ndipo mwayi wopeza njuchi unakwera katatu. Kafukufuku wotsatira, wa mu 2023, anaonetsa kuti nsadzu za kwa Ahadza ku Tanzania zimamvera kwambiri mluzu wa Ahadza kuposa kuitana kwa Ayao. Ndiye kuti mbalame zakutchire zimaphunzira kaitanidwe ka anthu a m'dera lawo.

Si zonse zomwe zimapambana. Kadzidzi kulira padenga sikuitana maliro. Wabwera kudzasaka makoswe omwe akudya chimanga chanu. Koma amene akudziwa mwezi womwe anang'omba amayamba kulira, kapena mtengo womwe nantchengwa wamangapo chisa zaka zonsezi, ali ndi chuma chomwe wofufuza wa masabata awiri sangachipeze.

Atlas ya mbalame n'chiyani, ndipo munthu wamba angathandize bwanji?

Ndi mapu ogawidwa m'timabokosi, ndipo m'kabokosi kalikonse anthu amalembamo mbalame zomwe aona. Yoyamba yaikulu kum'mwera kwa Africa inatoleredwa kuyambira 1987 mpaka 1991 m'maiko asanu ndi limodzi, n'kusindikizidwa mu 1997. Yachiwiri, SABAP2, inayamba mu 2007 ndipo ikupitirirabe. Kenya inayamba yake mu 2013, Nigeria mu 2015, ndipo tsopano njira yomweyi ikugwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri pansi pa African Bird Atlas Project.

Kabokosi kamodzi ndi pafupifupi makilomita 9 mbali iliyonse. Malamulo ake ndi ochepa: muyende maola osachepera awiri mukuyang'ana mbalame, muyesetse kufika malo osiyanasiyana monga kudambo, kumunda, kumudzi ndi kuphiri, mulembe mitundu motsata ndondomeko yomwe mwaionera, ndipo mndandanda umodzi usapitirire masiku asanu. Ambiri amalemba pa foni ndi pulogalamu ya BirdLasser. Ena amagwiritsa ntchito eBird.

Poyerekeza atlas yoyamba ndi yachiwiri, ku South Africa anaona kuti Secretarybird, chimbalame chamiyendo yaitali chopha njoka ndi mapazi, chachepa m'madera ambiri, pomwe akhwangwala afalikira. Popanda mndandanda wakale uja palibe akanatsimikiza.

Chenjezo limodzi powerenga mapuwa: kabokosi kopanda kanthu sikatanthauza kuti kulibe mbalame. Nthawi zambiri kamatanthauza kuti sikunafike munthu wolemba. N'chifukwa chake mndandanda wa apumbwa, njiwa ndi mpheta wochokera kumudzi kwanu ku Ntchisi kapena ku Chadiza ungakhale wofunika kuposa mndandanda wa nambala 1,000 wa ku nkhalango yotchuka ya Kruger ku South Africa. Paja timba sachepa ndi mazira ake.

Ndatola mbalame yokhala ndi kamphete kachitsulo kumwendo. Ndi za ufiti? Nditani?

Si za ufiti, ndipo si za boma lofuna kukuzondani. Ndi chizindikiro chomwe wofufuza anaiveka kuti idziwike ikadzapezekanso. Pa kamphetepo pali nambala ndi dzina la malo omwe amasunga kaundula, mwina London, Helgoland, Stockholm kapena Cape Town. Lembani zonse zomwe zili pamenepo, tsiku, malo, ndi momwe mbalameyo yapezekera, kaya yafa yokha, yakodwa mu ukonde kapena yagwidwa ndi ulimbo. Jambulani ndi foni. Ngati ili moyo, musachotse kampheteko, ingoiulutsani. Uthengawo tumizani ku SAFRING ku University of Cape Town, komwe amasunga kaundula wa kum'mwera kwa Africa, kapena kudzera ku ofesi ya zanyama zakutchire yapafupi. Kawirikawiri amayankha n'kukuuzani komwe mbalameyo inavekedwa ndi chaka chake.

Mwa mbalame zovekedwa mphete, zopezekanso ndi zochepa zedi, n'chifukwa chake iliyonse ndi ya mtengo wapatali. Ku Ngulia, m'nkhalango ya Tsavo West ku Kenya, magetsi a pa hotela amakopa timbalame tosamuka usiku wa nkhungu mu Novembala ndi Disembala. Kuyambira 1969 aveka mphete mbalame zoposa theka la miliyoni pamalo amodzi amenewa.

Bwanji ndalama zambiri zimapita ku mbalame zochokera ku Ulaya?

Chifukwa eni ndalama akuona kuti zikuchepa kwawo ndipo akufuna kudziwa komwe zikufera. Chidwichi n'chakale. Mu 1822 pafupi ndi Klütz ku Germany anapha dokowe ali ndi mkondo wa ku Africa wobaya pakhosi, ndipo umenewu unali umboni wogwirika wakuti mbalame zomwe zimasowa m'nyengo yozizira zimapita kutali. Dokoweyo akusungidwabe ku Rostock. M'buku lawo lomwe linatuluka mu 1972, a Reg Moreau anayerekeza kuti mbalame 5 biliyoni zimalowa mu Africa chaka chilichonse kuchokera ku Ulaya ndi ku Asia. Kuwerenga kwina kwa mu 2009, koona timbalame ting'onoting'ono ta ku Ulaya tokha, kunapeza 2.1 biliyoni. Anamzeze ambiri omwe mumawaona atandandalika pa mawaya a magetsi m'dzinja ali m'gulu limeneli.

Zipangizo zatsopano zasintha ntchitoyi. Kuyambira 2011 bungwe la British Trust for Ornithology lakhala likumangirira timakina ta setilaiti pa mbalame za cuckoo, ndipo zaonetsa kuti zimakakhala m'nkhalango za ku Congo. Kabawi wamng'ono wotchedwa Amur Falcon amachoka kum'mawa kwa Asia, kupuma ku Nagaland ku India, kenako kuoloka nyanja ya Indian Ocean osatera mpaka kufika kum'mwera kwa Africa nthawi ya inswa.

Palibe cholakwa ndi kafukufuku ameneyu. Chodandaulitsa n'chakuti mbalame zosamuka mkati mwa Africa momwemu, zotsata mvula kuchoka kumpoto kwa equator kubwera kuno, sizinapatsidwe chidwi chofanana. Dokowe wakuda wa mimba yoyera, Abdim's Stork, yemwe amafika ndi mvula yoyamba n'kumatola ziwala m'minda, alibe dziko lolemera lomulirira.

Kodi mbalame za mu Africa zikuchepadi, kapena ndi nkhani yopezera ndalama?

Pomwe pali kuwerenga kobwereza, mayankho ake ndi oopsa, makamaka pa mbalame zodya nyama. A Jean-Marc Thiollay anayenda pa galimoto m'misewu ya ku Burkina Faso, Mali ndi Niger kuyambira 1969 mpaka 1973 akuwerenga ziombankhanga, akabawi ndi miimba. Anabwereza misewu yomweyo mu 2003 ndi 2004, n'kupeza kuti kunja kwa nkhalango zotetezedwa miimba ikuluikulu yatsala pang'ono kutheratu. Mu 2024 a Phil Shaw, a Darcy Ogada ndi anzawo anaphatikiza kuwerenga kotere kwa m'zigawo zingapo za Africa: pa mitundu 42 yomwe anaiona, pafupifupi 9 mwa 10 iliyonse inali itachepa.

Miimba ndiyo yavulala koposa. Mu 2015 mitundu inayi ya mu Africa inaikidwa pa mndandanda wa zomwe zatsala pang'ono kutha. Choipha chachikulu ndi poizoni. Woweta ng'ombe amathira mankhwala pa nyama yakufa kuti aphe mkango kapena fisi, miimba n'kufa nawo. Opha njovu amaipha dala chifukwa ikamazungulira m'mwamba imaulula komwe kuli mtembo. Mu Juni 2019 ku Botswana miimba 537 inafa pa mitembo itatu ya njovu. Mu 2020 ku Guinea-Bissau inafa yoposa 2,000, ina itadulidwa mitu yokagulitsa kwa ochita zamankhwala. Muimba umaikira dzira limodzi pachaka, choncho tsiku limodzi lotere limafafaniza ntchito ya zaka zambiri.

Zinkhwe zotuwa zolankhula zinatha m'madera ambiri chifukwa cha malonda, mpaka msonkhano wa CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a zinyama zakutchire, wa ku Johannesburg mu 2016 unaletsa kugulitsa kunja zogwidwa kutchire. African Penguin wa ku South Africa ndi Namibia anaikidwa pa mndandanda wa zotsala pang'ono kutha mu 2024. Pa mitundu ina mazanamazana sitikudziwa bwino; onani mfundo yachitatu pa funso la zomwe zimaoneka akawerenga zolemba.

Kodi kukadali malo kapena mbalame zomwe akatswiri sanazione?

Kulipo. Mu 1913 a James Chapin anaona nthenga yachilendo pa chisoti cha munthu wina ku Ituri, n'kuisunga osadziwa mwini wake. Patapita zaka zoposa 20 anapeza mbalame ziwiri zoumikidwa zitaiwalika mu myuziyamu ya ku Tervuren ku Belgium, ndipo mu 1936 analengeza za Congo Peafowl, mbalame yaikulu ngati nkhanga yomwe alenje a kumeneko ankaidziwa ndi kuidya kuyambira kale.

Chitsanzo chapafupi ndi phiri la Mabu ku Zambezia, kum'mawa kwa Mulanje. A Julian Bayliss, omwe ankagwira ntchito ku Mulanje, anaona nkhalango yake pa zithunzi za Google Earth mu 2005, ndipo gulu lalikulu la ofufuza linakafika mu 2008. Anapezako Thyolo Alethe wambiri, mbalame ija yomwe kwawo ku Thyolo nkhalango inatha. Manyuzipepala a kunja anati nkhalango yatulukiridwa. Anthu a m'munsi mwa phirilo, omwe ena anabisalamo pa nthawi ya nkhondo, ayenera kuti anadabwa kumva zimenezo.

Kafukufuku ameneyu amamuthandiza chiyani mlimi amene mpunga wake ukudyedwa?

Mbalame yomwe yadya ndalama zambiri za kafukufuku mu Africa mwina ndi kweleya, kambalame ka mlomo wofiira kouluka m'chigulu ngati utsi. Akuti ndiyo mbalame yakutchire yochuluka koposa padziko lapansi, pafupifupi 1.5 biliyoni. Kwa zaka zambiri maboma ankaipopera mankhwala a fenthion ndi ndege kapena kuphulitsa malo ogona, poganiza kuti aimaliza. Ntchito ya a Peter Ward m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 inaonetsa kuti chakudya chenicheni cha kweleya ndi njere za udzu, kuti imasamuka motsata mvula, ndiponso kuti kupha mamiliyoni sikuchepetsa mtunduwo chifukwa zambiri zikanafa ndi njala ndipo zotsala zimaswana msanga.

Phindu lake kwa mlimi ndi ili: m'malo mothamangitsa chigulu chilichonse, alangizi amalimbana ndi zokhazo zomwe zili pafupi ndi minda ya mpunga, mapira ndi mawere, ndipo amalimbikitsa kuti alimi a pa sikimu imodzi abzale ndi kukolola nthawi imodzi kuti munda wa munthu mmodzi usakhale mbale ya mbalame zonse. Bungwe la IRLCO-CSA, lomwe likulu lake lili ku Ndola ndipo linakhazikitsidwira dzombe, limathandizanso maiko ake kulondola kweleya. Fenthion amapha ndi mbalame zina zodya mitembo ya kweleya, n'chifukwa chake ena akulimbikitsa kugwira ndi maukonde n'kudya, monga amachitira ku Chad ndi ku Kondoa ku Tanzania.

N'chifukwa chiyani zikopa za mbalame zathu zili m'mamyuziyamu a kunja?

Zinapita ndi otolera a nthawi ya atsamunda. Zambiri zili ku Tring ku England, ku Tervuren, ku Paris ndi ku New York. Chikopa chomwe mtundu unafotokozeredwa koyamba ndiye muyeso wa mtunduwo, choncho wophunzira wa ku Zomba kapena ku Lusaka amene akufuna kuyerekeza ayenera kupeza viza ndi tikiti ya ndege. Mu Africa momwemu zosungidwa zazikulu zili ku Bulawayo, Nairobi, Pretoria ndi Durban. Zikopazi si zokongoletsa chabe: kachidutswa ka chala cha mbalame yophedwa zaka 100 zapitazo kamatulutsa DNA, ndipo kapepala komangidwa kumwendo kamanena za nkhalango yomwe mwina lero ndi munda wa fodya.

Ndine wophunzira ndipo ndilibe ndalama. Ndingayambire pati?

Yambani ndi malo amodzi omwe mungafikeko wapansi, monga dambo, manda a mitengo yambiri kapena munda wa sukulu, ndipo muziwerenga pamenepo mwezi uliwonse pa ola lomwelo, ndi njira yomweyo, osasintha. Lembaninso mayina a m'chinenero cha m'deralo pofunsa akuluakulu, chifukwa dzina limodzi ngati mpheta kapena timba limavundikira mitundu ingapo, ndipo dzina la ku Dedza silikhala lofanana nthawi zonse ndi la ku Nsanje. Ma foni ambiri amatha kujambula kulira kwa mbalame, ndipo pa Xeno-canto, nkhokwe ya pa intaneti ya mawu a mbalame, mitundu yambiri ya kuno ili ndi zojambula zochepa.

Mukafuna gulu, mu Januwale ndi mu Julaye kumakhala kuwerenga mbalame za m'madzi m'maiko ambiri a mu Africa, ndipo otsogolera amasowa manja. Funsani ku WESM, ku BirdWatch Zambia kapena ku BirdLife Zimbabwe. African Bird Club imapereka tindalama tochepa kwa ofufuza a mu Africa pa ntchito zing'onozing'ono, ndipo sukulu ya ku Jos ija ndi FitzPatrick Institute zimalandira ophunzira a digiri yachiwiri ochokera m'maiko ena. Pofunsira malo kumeneko, kope lokhala ndi miyezi 24 yotsatizana ya kuwerenga kwanu pa dambo limodzi muliike pamwamba pa makalata onse.